Mboni ya ku Kanengo

Magetsi anathima usiku wa Lachiwiri,
Area 25 yonse bii, mpaka ku Mgona.
Pomwe kumacha mlandu unali utagamulidwa kale m'maminibasi:
ena ati akuba mafuta a thiransifoma,
ena ati mvula, chikhalirecho sikunagwe ndi dontho lomwe,
ambiri ati Gwengwe, yemwe anachezera pantchito usikuwo,
ati amagona, ati amanunkha kachasu.
Abwana anali atayamba kale kulemba kalata.

Ndinafika ku Kanengo ndi laputopu m'chikwama
ndi chingwe chija chimagwira pokhapokha ukachipinda pakhosi.
M'chipinda chozizira mafani akung'ung'udza,
rileyi ili phee m'kabati yachitsulo,
kanyali kofiira kakuphethira.
Simalonjera alendo.
Umangoilumikiza, iyo n'kuvundukula kaundula wake.

02:17:43.206, mphamvu yalumpha pa waya wachikasu.
02:17:43.231, ndalamula buleka atseguke.
02:17:43.290, watseguka.
Ndadikira masekondi atatu, ndabwezeretsa.
Vuto likadalipo. Ndatsegulanso.
Ndakhoma. Abwere munthu.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko,
koma uyu amalembanso nthawi yomwe m'mimba munapota,
sekondi imodzi kuiduladula kachikwi
ngati mayi wogawa bonya kwa ana ochuluka.
Sanena kuti ndinkaganiza, sanena kuti ndinamva kwa uje.

Munsi mwake, kamzere kena kakang'ono:
02:18:20, chala chadina batani loletsa belu.
Ndinawerenga kawiri.
Ndinaitana Gwengwe, ataima pakhomo chipewa chili m'manja,
maso ali psuu ndi tulo tosagona.
Taonani apa, achimwene. Wogona sadina batani.
Sanayankhe. Anangovala chipewa chake.

Ndikanatsekera pomwepo,
koma rileyi ya ku Area 47 inali ndi mawu akenso:
zonsezi, ikutero, zinachitika 02:13.
Mboni ziwiri zosadziwa bodza
zasiyana mphindi zinayi.
Ndinakwera padenga dzuwa likuswa mtengo
n'kupeza chingwe cha mlongoti wa nthawi
chitatafunidwa ndi khoswe mpaka mkuwa kuonekera.
Miyezi isanu wotchi yake ikuyenda yokha,
kutsalira pang'onopang'ono, osadziwa,
ikulemba zoona zokhazokha pa nthawi yolakwika.

Madzulo anyamata oyendera mawaya anaimba foni.
Pafupi ndi Lingadzi, nthambi ya bulugamu
yagona pa waya, khungwa lapserera,
pansi mileme iwiri mapiko atauma gwa.
Kalata ya abwana inalowa m'dengu la zinyalala.

Ndili m'minibasi yopita ku Kawale
ndinakumbuka mkulu wanga Nasiwelo.
Chaka chachitatu chino sitiyankhulana,
chiyambire usiku uja pa chipatala chachikulu
bambo ali pa mpweya, ife tili pakhonde.
Iye amati ndinayamba ndine kutchula za nyumba ya ku Biwi.
Ine ndimati anayamba ndiye.
Pa usiku umenewo palibe kabati yoti ndikatsegule,
palibe polowetsa chingwe changa chopindika
kuti ndione mawu oyamba kulumpha,
ndi amene anayesa kubwezeretsa
mnzake n'kukhoma.

Ndakhala ndikulumbira kuti ndikukumbuka bwinobwino.
Lero ndaona wotchi yokhulupirika
itadyedwa chingwe.

Kondakitala akuti tisunthe, akwere wina.
Pa Mchesi mababu ayaka m'maokala,
wometa akupitiriza mutu womwe anausiya theka dzulo.
Ndatulutsa foni.
Nambala yake ikadalimo, pansi pa dzina lomwe ndinkamuitana tili ana.
18:52, chala chili pamwamba pa batani.